Mmene mungapezere mzere wa bambo anu pa Y-DNA ndi kuwerenga dzina ngati E-M2 osasokonezeka

Tsiku lomwe zotsatira zanga zinabwera ndinangopeza kadzina kakafupi pa sikirini, E-M2, basi. Ndinakhala chiyang'anire kudikira kuti mwina pali zina zikubwera pansi pake, ndinatsitsa tsamba lija mpaka kumapeto, ayi ndithu, kadzina komweko ndi mapu a Africa opakidwa utoto pafupifupi theka lonse. Zinanditengera miyezi kuti ndimvetse kuti kadzina kameneka ndi adiresi ya nthambi pa mtengo wa amuna onse a padziko, ndipo adiresi yanga inali itangotchula chigawo chokha, mudzi ndi khomo zinali zisanatchulidwe. Nde ndikufuna ndikuuzeni mmene ndikanachitira ndikanakhala kuti ndikuyamba lero, kuyambira posankha munthu woyeza mpaka kufika pa kanthambi kanu kenikeni.

Choyamba mumvetse kaye chomwe chikuyezedwacho, chifukwa apa ndi pamene ambiri amatayira ndalama pa testi yolakwika. Munthu ali ndi ma kromozomu 46, timitolo ta DNA ta m'maselo a thupi, aliawiriawiri, ndipo awiri omalizawo kwa mkazi amakhala X ndi X pomwe kwa mwamuna amakhala X ndi Y. Y ameneyu mwana wamwamuna amamulandira kwa bambo ake okha, mayi alibe Y woti ampatse. Ma kromozomu enawo akamapita kwa mwana amasakanikirana, za agogo aamuna ndi za agogo aakazi kulowererana mpaka osadziwa kuti ichi nchayani, koma Y pafupifupi yense, kupatula timbali tating'ono kunsonga kwake, amadutsa chonchobe osasakanikirana ndi china chilichonse. Ali ndi zilembo za DNA pafupifupi 60 miliyoni ndipo thupi likamazikopera kuti zipite kwa mwana, mwa apo ndi apo limalakwitsa chilembo chimodzi, pamene panali A nkulembapo G mwachitsanzo. Cholakwikacho nthawi zambiri sichidwalitsa, chimangokhala ngati chidindo, ndipo ana aamuna onse a munthu ameneyo, ndi ana awo aamuna, mpaka kalekale, amabadwa nacho. Chidindo chotere amachitcha SNP, ndipo gulu la amuna onse amene ali nacho ndi limene amati haplogroup. M2 ndi dzina la chidindo chimodzi chotere, E ndi nthambi yaikulu yomwe chili.

Tsopano, ndani ayezedwe? Ngati ndinu mwamuna, ndinu nomwe. Ngati ndinu mkazi mukufunika wachibale wamwamuna wa mzere wa bambo anu, ndipo apa chenjerani ndi mawu athu apachibale chifukwa amaphatikiza anthu amene Y amawasiyanitsa. Bambo anu okuberekani, eya. Mlongo wanu wa bambo mmodzi, eya, koma mlongo wa mayi mmodzi bambo osiyana ayi, ameneyo akupatsani mzere wa bambo ake. Bambo aakulu kapena aang'ono, achimwene awo a bambo anu obadwa kwa agogo aamuna amodzi, ndi abwino kwambiri, ana awo aamunanso chimodzimodzi. Koma a malume sangakuthandizeni pa nkhani iyi olo akhale okukondani bwanji, iwo anyamula Y wa bambo a mayi anu, womwe ndi mzere wina wake, wabwinonso kuudziwa koma si umene mukufunawo. Ana a azakhali nawonso ayi, azakhaliwo ndi mlongo wa bambo anu inde koma Y anathera pa iwo, ana awo aamuna anatenga wa amuna awo. Ndiye pali aja timangowatcha achimwene chifukwa ndi ana a mayi aang'ono kapena mayi aakulu, amenewo sali mu mzerewu mpang'ono pomwe. Njira yosavuta nkutenga pepala, kulemba dzina la agogo aamuna obereka bambo anu pamwamba, nkumatsika ndi ana aamuna okhaokha, paliponse pamene cholembera chadutsa pa mkazi dziwani kuti mwatuluka mu mzere.

Ine ndingakulangizeni kuti muyambe ndi wamkulu kwambiri amene ali moyo. Inuyo mutha kuyezedwa chaka chilichonse, koma agogo kapena bambo aakulu simudziwa kuti muli nawo mpaka liti, komanso akayezedwa iwo nkudzayezedwa inu, mumatha kuona zidindo zomwe zabwera posachedwa pakati pa iwo ndi inu. Ndipo muwafotokozere bwinobwino musanawapatse kathonje kotengera sampulo m'kamwa, osangowadzidzimutsa. Testi iyi imatha kuulula zomwe banja silinkayembekezera, amuna awiri oti ndi a agogo amodzi nkupezeka kuti Y wawo ndi wosiyana, kutanthauza kuti penapake m'mibadwo yapitayo bambo wolera sanali bambo wobereka. Zimachitika m'mabanja a mtundu uliwonse mpaka achifumu. Mafupa a Richard III, mfumu ya ku England, atapezeka ku Leicester mu 2012, anayeza Y wake nkumufananitsa ndi wa amuna amoyo amene mabuku a mibadwo amati ndi a mzere umodzi naye, a banja la Somerset, ndipo sizinagwirizane, pomwe mbali ya mayi ake inagwirizana bwinobwino. Mukhale mutagwirizana kale kuti zotere zikatuluka mudzauza ndani ndipo simudzauza ndani, imeneyi si nkhani yoyamba kuiganizira zotsatira zili kale m'manja.

Kenako kusankha testi, ndipo zilipo za mitundu itatu zomwe otsatsa amakonda kuzisakaniza. Mtundu woyamba ndi uja wofala woyeza DNA yonse mwapatalipatali nkukupatsani maperesenti a madera. Kampani ya 23andMe imaonjezerapo haplogroup ya bambo ngati woyezedwayo ndi mwamuna, koma imakhala ya pamwamba chabe chifukwa amangoyang'ana zidindo zochepa zodziwika kale. AncestryDNA siikuuzani haplogroup, inasiya kugulitsa matesti a Y mu 2014, ngakhale fayilo yake ili ndi zidindo zina za Y zomwe mutha kuziika mu Clade Finder, pulogalamu ya pa intaneti ya kampani ya YSEQ, nkupeza nthambi yaikulu. Ngati munayezetsa kale kumeneku, yambani ndi fayilo imeneyo musanagule china.

Mtundu wachiwiri ndi wa STR. Awa ndi malo pa Y pamene kagulu ka zilembo kamabwerezabwereza, GATA GATA GATA choncho, ndipo labu imangowerenga kuti kabwereza kangati. Zotsatira zake zimabwera ngati mndandanda wa manambala, DYS393 ndi 13, DYS19 ndi 15, DYS390 ndi 21, kumangopita choncho. FamilyTreeDNA ya ku Houston imagulitsa ya malo 37 ndi ya malo 111, YSEQ ya ku Berlin ilinso ndi zake. Manambala amenewa amasintha msanga, amakwera ndi 1 kapena kutsika ndi 1, nthawi zina nkubwereranso pomwe anali, nchifukwa chake ndi othandiza pofananitsa amuna awiri oganiziridwa kuti ndi apachibale cha posachedwa, koma haplogroup yochokera ku STR imakhala yongolosera. Kompyuta imaona manambala anuwo nkunena kuti amafanana ndi a anthu a E-M2, siinaone chidindo cha M2 chenichenicho. Nkhani ya Ramesses III, mfumu yakale ya ku Egypt, imaonetsa bwino zimenezi. Mu 2012 ofufuza anayeza thupi lake loumikidwa nkulemba kuti ali mu E1b1a, nthambi ya anthu a E-M2, ndipo anthu ambiri amaibwereza ngati yotsimikizika, koma anagwiritsa ntchito manambala a STR ochepa omwe anawalowetsa mu pulogalamu yolosera ya Whit Athey, sanayeze SNP. Mwina nzoona, mwina ayi, kulosera kumakhala choncho.

Mtundu wachitatu ndi umene ine ndimaukhulupirira, wowerenga zilembo za Y mamiliyoni ambiri chimodzichimodzi, monga Big Y-700 ya FamilyTreeDNA, kapena kuwerenga DNA yonse ya munthu komwe amati whole genome. Uwu suyang'ana zidindo zodziwika zokha, umapezanso zatsopano zomwe palibe anazionapo, za inu nokha ndi abale anu apafupi. Pa gawo la Y lomwe amawerengalo chidindo chatsopano chimabwera pafupifupi kamodzi pa zaka 80 mpaka 150 kutengera kukula kwa gawolo, nde mutha kuona kuti ili ngati wotchi, yosalondola kwenikweni pa mbadwo umodzi koma yodalirika mukamawerenga zaka mazanamazana. Ndi yodula kuposa zinazo, ndipo ngati simungakwanitse pano, bola kugula ya STR yaing'ono ku kampani yomwe imasunga sampulo kuti mudzaonjezere testi yaikulu mtsogolo popanda kutenganso ina. Funsani zimenezi musanalipire, makamaka ngati woyezedwayo ndi wokalamba.

Katengedwe ka sampulo nkosavuta koma anthu amakaphonya, inenso ndinaphonya. Ena amakupatsani kabotolo kolavuliramo malovu, ena timitengo tiwiri ta thonje topalira m'kati mwa tsaya. Bambo anga aakulu ndinawapeza atangodya kumene ndipo ine ndinali ndi changu, ndinangopititsa kathonjeko kawiri katatu m'kamwa mwawo mopepuka poopa kuwapweteka, nkutseka. Patatha milungu ingapo kunabwera imelo yoti DNA inali yosakwanira. Ulendo wachiwiri ndinapita m'mawa asanadye, asanamwe kanthu, asanatsuke m'kamwa, anakhala pampando nkutsegula pakamwa akundiyang'ana m'maso, ndipo ndinapala tsaya limodzi pafupifupi mphindi yathunthu mwamphamvu ndithu ndikuzunguliza kamtengoko, kenako kamtengo kachiwiri tsaya linalo. Atamaliza anangofunsa kuti, mwana wanga, ndiye dzina la agogo anga liwonekamo mmenemu? Ndinawauza kuti dzina ayi, koma chidindo chawo chiwonekamo, chifukwa ndi chomwecho iwo anyamula. Osakhudza thonjelo ndi zala, tsekani kabotolo molimba, ndipo lembani nambala ya kiti pamalo awiri musanatumize, makamaka mukamayeza anthu awiri tsiku limodzi, chifukwa mukasinthanitsa timabotolo mudzapanga nkhani m'banja yomwe kulibe.

Zotsatira zikabwera, ntchito yeniyeni ndiye yayamba, kuwerenga dzina. Pali kalembedwe kawiri ndipo nkamene kamasokoneza anthu. Kakale kanakhazikitsidwa mu 2002 ndi gulu la Y Chromosome Consortium, kamasinthanitsa zilembo ndi manambala, E1b1a1 choncho, chilembo chilichonse kapena nambala iliyonse ndi mphanda imodzi pa mtengo. Kabwino kake nkakuti mumaona njira yonse m'dzinamo, koma vuto lake nlakuti akapeza mphanda yatsopano pamwamba, maina onse apansi amasintha. Nthambi yomweyi ya M2 mu 2002 inkatchedwa E3a, mu 2008 inakhala E1b1a, kenako atapeza chidindo cha V38 pamwamba pake inakhala E1b1a1. Anthu ake ndi omwewo, chidindo chake chomwecho, maina atatu. Nde mukawerenga zolemba zakale nkupeza E3a musaganize kuti ndi anthu ena. Kalembedwe kachiwiri ndi kachidule, chilembo cha nthambi yaikulu kenako dzina la chidindo, E-M2, ndipo aka sikasintha chifukwa M2 adzakhala M2 mpaka kalekale. Gwiritsani aka mukamalemba m'kope mwanu komanso mukamafananitsa ndi ena.

Zilembo zoyambirira za dzina la chidindo zimangosonyeza amene anachipeza, sizikunena kanthu za inu. M ndi za labu ya Peter Underhill ku Stanford, P ndi za Michael Hammer ku University of Arizona, V ndi za ofufuza a ku yunivesite ya La Sapienza ku Rome, CTS ndi Chris Tyler-Smith, BY ndi FT ndi zopezeka mu matesti a Big Y, Y ndi za YFull, kampani yosanthula mafayilo a Y. Chidindo chimodzi chimatha kukhala ndi maina awiri kapena atatu ngati ma labu osiyana anachipeza paokhapaokha, nchifukwa chake nthambi imodzi kampani iyi imaitchula mwina, inayo mwina. Pali timazindikiro titatunso toti mudziwe. Mtanda, M2+, ndiye kuti chidindocho muli nacho. Kamzere, M35-, ndiye kuti anayeza ndipo mulibe. Kanyenyezi, E-M2*, ndiye kuti muli mu M2 koma simunapezeke mu nthambi iliyonse yapansi pake yomwe anayeza, ndipo kawirikawiri zimangotanthauza kuti anayeza zochepa, osati kuti ndinu wapadera.

Mukadziwa dzinalo, tsegulani mtengo wa YFull kapena Discover ya FamilyTreeDNA, yonse ndi yaulere kuiona, mulembe dzina la nthambi yanu nkukwera m'mwamba mphanda ndi mphanda. Ndimakonda gawo limeneli kwambiri. Kuchoka pa E-M2 mukakwera mupeza E-V38, ndipo pamenepo pali mphanda, mbali ina M2, mbali ina M329 yomwe imapezeka ku Ethiopia. Mukakweranso mufika pa E-P2, pomwe mzere wathu unasiyana ndi wa E-M215, kholo la E-M35 yomwe yadzaza ku Somalia, Ethiopia, Morocco mpaka ku Balkans. Pamwamba pake pali E-M96, thunthu la E yense, kenako DE pomwe tinasiyana ndi a D amene lero ali ku Tibet, Japan ndi zilumba za Andaman, ganizani kutalika kwake. Mukapitirira mufika pa CT-M168, ndipo pansi pa chidindo chimenechi pali pafupifupi amuna onse a kunja kwa Africa, a R a ku Ulaya, a O a ku China, a Q a ku America, a J a ku Arabia. Pamwamba pa CT pali BT, pomwe B anapatuka, kenako nthambi za A zomwe ndi zakale kuposa zonse.

Mphanda yakale kwambiri yodziwika ndi A00, ndipo mmene inapezekera ndi umboni wakuti munthu wamba akayezetsa amatha kusintha mtengo wonse. Mdzukulu wina wa Albert Perry, munthu wakuda wa ku South Carolina wa m'zaka za m'ma 1800, anayezetsa ku kampani ndipo Y wake sanakwane pa nthambi iliyonse yodziwika. Zinasindikizidwa mu 2013, ndipo mzere womwewo unapezeka mwa anthu a mtundu wa Mbo ku Cameroon. Poyamba anawerengera kuti mphandayo ndi ya zaka 338,000, owerengera a pambuyo pake anatsitsa kufika pakati pa 200,000 ndi 300,000. Kholo la pa mphanda imeneyo ndi amene ena amamutcha Adamu wa Y, koma sanali yekha mwamuna padziko nthawi imeneyo, analipo ambiri, kungoti mizere ya enawo ya ana aamuna okhaokha inadukira panjira, wina anabereka ana aakazi okha, wina sanabereke.

Tsopano E-M2 ikukuuzani chani? Ikukuuzani kuti kholo lanu la mzere wa abambo linakhala ku Africa zaka pafupifupi 15,000 zapitazo kapena kuposerapo, ndipo muli mu nthambi yofala kwambiri kumadzulo, pakati, kummawa ndi kummwera kwa Africa, komanso mwa amuna ambiri akuda a ku America ndi Caribbean chifukwa cha malonda a ukapolo a pa Atlantic. Kafukufuku wa 2016 yemwe anawerenga Y wa amuna 1,244 a mitundu 26 anapeza kuti pansi pa M180, yomwe ili m'kati mwa M2, nthambi zinachulukana mwadzidzidzi zaka pafupifupi 5,000 zapitazo, ndipo nthawiyo ikugwirizana ndi kufalikira kwa olankhula zinenero za Chibantu kuchokera ku malire a Nigeria ndi Cameroon. Nthambi ziwiri zomwe mudzakumane nazo kawirikawiri ndi E-M191, yokhala ndi U174 pansi pake, ndi E-U175, yokhala ndi U209 ndi U290 pansi pake. Koma onani ichi, ku Shum Laka, phanga la ku Cameroon dera lomwelo, anayeza mafupa a ana anayi oikidwa zaka pafupifupi 8,000 ndi 3,000 zapitazo, zotsatira zinatuluka mu 2020, ndipo mnyamata mmodzi anali A00, ena awiri anali B. Dera limodzi linali ndi mizere yosiyanasiyana kuyambira kale, choncho mapu opakidwa utoto umodzi aja muziwaona mosamala.

Apa ndi pamene ndimapempha anthu mochokera pansi pamtima kuti asasandutse haplogroup kukhala mtundu. Myoruba, Mkongo, Mzulu ndi munthu wa ku Jamaica onse atha kukhala E-M2, ndipo amuna awiri olankhula chinenero chimodzi, okhala nyumba zoyandikana, wina atha kukhala E-M2 wina B-M150. Chidindo cha M2 nchakale kwambiri kuposa dzina la mtundu uliwonse womwe ulipo lero. Kampani ikakulonjezani kuti ikuuzani mtundu wanu kuchokera pa manambala ochepa a STR, ikukuuzani chabe mtundu wa munthu wina wa m'kaundula wawo amene manambala ake afanana ndi anu. Komanso werengani nokha, makolo awiri, agogo anayi, kenako 8, 16, mukabwerera mibadwo 10 muli ndi malo a makolo 1,024, ndipo Y akunena za mmodzi yekha mwa onsewo. Desmond Tutu atayezedwa DNA yonse mu 2010, mzere wa bambo unali mu E1b1a pomwe mzere wa mayi unali L0d, wofala mwa Akhoisan a kummwera kwa Africa, munthu mmodzi nkhani ziwiri, ndipo pakati pa mizere iwiriyo pali makolo ena mazanamazana omwe matesti awiriwa sawatchula nkomwe.

Chomwe chimapindulitsa ndi kutsika pansi, kuchoka pa M2 kufika pa chidindo chomaliza chomwe muli nacho, komwe zaka zimachoka pa masauzande nkufika pa mazana. Tsegulani mndandanda wa ofanana nanu. Pa STR muona nambala yosonyeza kusiyana, pa malo 37 FamilyTreeDNA imakuonetsani osiyana nanu masitepe 4 kapena kucheperapo, pa malo 111 mpaka 10. Wosiyana nanu 0 kapena 1 pa malo 37 ndi woyenera kumulembera, wosiyana 4 atha kukhala wa kutali zaka mazana ambiri, ndipo ofanana nanu pa malo 12 okha musataye nawo nthawi, manambala 12 amafanana mwangozi mwa amuna ambirimbiri. Ngati nonse munapanga testi yaikulu siyani STR nkuyang'ana chidindo chomaliza chomwe nonse muli nacho, zaka za chidindo chimenecho ndiye mtunda wa pakati panu.

Mwina mudzatsegula mndandandawo nkupeza mulibe aliyense. Kwa ife a E-M2 zimachitika kawirikawiri, sikuti testi yalephera, kungoti oyezetsa ambiri m'makaundula amenewa ndi a mizere ya ku Ulaya, nthambi ya R yagawidwa tizidutswa tosawerengeka pomwe za ku Africa zambiri zikadali ndodo zazitali zopanda mphanda. Mu zotsatira za testi yaikulu muona gawo la zidindo zanu zachinsinsi, zomwe zapezeka mwa inu nokha ndipo sizinaikidwe pa mtengo. Zikakhala 30 kapena 40 ndiye kuti wachibale wapafupi amene anayezetsapo munasiyana naye zaka masauzande angapo zapitazo. Nthambi yatsopano imakhazikika pa mtengo amuna awiri akapezeka ndi chidindo chimodzi, nde njira yake nkupeza munthu wachiwiri. Kuyeza mchimwene wanu wa bere limodzi kumapatsa nthambi dzina inde, koma sikukuphunzitsani zambiri chifukwa mufanana pafupifupi zonse. Wabwino ndi wa patali, amene mumakumana pa agogo a agogo anu aamuna kapena kupitirira apo, chifukwa zidindo zomwe nonse muli nazo zidzakhala za kholo limenelo ndipo zotsalazo zidzakhala za nyumba yanu yokha, apo mwayamba kumanga mtengo weniweni wokhala ndi maina a anthu omwe akuluakulu amawakumbukira.

Musaiwale kukopera mafayilo anu, VCF ndi yaing'ono koma pemphaninso BAM yomwe ndi yaikulu ndipo ili ndi zonse zomwe makina anawerenga, musunge pa kompyuta ndi pamalo ena achiwiri. BAM imeneyo mutha kuipereka ku YFull kuti akuikeni pa mtengo wawo womwe umaphatikiza oyezetsa a makampani osiyanasiyana ndi masampulo a kafukufuku, ndipo nthawi zina wofanana nanu amapezeka kumeneko. Koma musanaike fayilo paliponse kumbukirani kuti Y si wanu nokha, ndi wa bambo anu, achimwene anu, ana anu aamuna ndi abale omwe simunakumanepo nawo. Mu 2013 ofufuza anaonetsa kuti manambala a STR kuphatikiza zaka ndi dera la munthu zimatha kuulula dzina la bambo la munthu yemwe anayezetsa mobisa dzina, ndipo mu 2023 akuba a pa intaneti anatenga zambiri za anthu pafupifupi 6.9 miliyoni ku 23andMe. Lowani mu masetingi, musankhe nokha ngati mukufuna kuoneka kwa ofanana nanu, ngati mukulola apolisi kufananitsa masampulo awo ndi anu, ndipo ngati kiti ndi ya wachibale mufunseni mwini wake chilichonse mwa zimenezi, pasiwedi ikhale yakeyake yosagwiritsidwa ntchito kwina.

M'kope mwanu lembani tsiku, nambala ya kiti, dzina lachidule la nthambi, njira yonse kuchokera pa E-M96 kutsika, ndi chiwerengero cha zidindo zachinsinsi, kenako muzibwerako miyezi itatu kapena inayi iliyonse chifukwa mtengowu umakula sabata ndi sabata ndipo dzina lanu lomaliza lidzasintha wina wapafupi akayezetsa. Langa linakhala chimodzimodzi kwa nthawi yaitali, mpaka titapeza mdzukulu wa mchimwene wawo wa agogo a bambo anga, amene bambo aakulu ankamukumbukira dzina lokha. Anavomera, tinamutumizira kiti, ndipo zotsatira zake zitalowa zidindo zanga zachinsinsi zinatsika kuchoka pa makumi angapo kufika pa ziwiri, zinazo zinasanduka nthambi yatsopano yoyamba ndi FT yokhala ndi amuna awiri okha pansi pake. Ndinasindikiza tsambalo nkukawapatsa bambo aakulu, ndipo pambali pa nambalayo analemba okha ndi cholembera dzina la agogo awo.